Kodi Chitungwiza ndi tauni, kapena ndi kogona chabe kwa anthu a ku Harare?

Gulu: Abale a Chichewa ku Harare ndi madera ozungulira

Mayi a Tadala (Mbare): Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu a ku Chitungwiza. Lendi kuno ku Mbare yatikwana, anthu asanu chipinda chimodzi. Bambo akunyumba akuti tisamukire ku Zengeza kapena ku Seke, akuti ndalama yomweyi kumeneko tingapeze zipinda ziwiri ndi kabwalo kosewererapo ana. Ine mtima ukukana chifukwa geni yanga ya tomato ili pa Mbare Musika. Ndiuzeni zoona, kumeneko nkokhalika?

Bambo a Yamikani (Unit K): Nkokhalika mayi, ine ndakulira konkuno. Koma muyambe mwawerengera ya kombi, maminibasi athu aja. Kuchoka kuno kukafika m'tauni ndi makilomita 25 mpaka 30, malinga ndi komwe mwapeza nyumba. M'mawa Seke Road imadzaza kuyambira pa mlatho wa Manyame, madzulo mukaima pamzere wa kombi pa siteji ya Charge Office mpaka miyendo kuwawa. Ndalama imene mwapulumutsa pa lendi ikhoza kuthera pamsewu.

Nachisale: Funsani za madzi kaye musanafunse za zipinda. Landilodi akakuuzani kuti mpopi ulipo, mufunseni kuti unatulutsa liti madzi komaliza. Nyumba yabwino kuno ndi yomwe ili ndi chitsime pabwalo kapena mjigo pafupi.

Chifundo: Ine ndinena mosabisa. Chitungwiza si tauni ayi, ndi kogona. Anthu amadzuka mdima ulipo, kupita ku Harare, kubwerako mdima ulipo. Ntchito ili kumafakitale a ku Harare, ku Graniteside, ku Workington, ku Msasa, ku Southerton. Kuno timangobwera kudzagona ndi kudzachapa Lamlungu.

Agogo aMbewe (St Mary's): Moni ana anga. Akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anafooka. Mnyamata Chifundo wanena theka la zoona, theka linalo ndimuuze ine.

Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu ntchito zobwera kuno, anadzera ku Tete, nayamba ganyu m'mafamu a fodya cha ku Mazowe. Ine ndinabadwira kumeneko nthawi ya Chitaganya, chija chinayamba mu 1953 nkutha mu 1963. Titabwera ku St Mary's ndili mwana, kunalibe Zengeza, kunalibe ma Unit mukuwatchulawa. Kunali St Mary's yokha, dzina lake linachokera ku mishoni ya Anglican. Amuna ambiri ankagwira ntchito ku bwalo la ndege, ena kuphika ndi kulima maluwa m'nyumba za azungu ku Hatfield. Kuseri kwa nyumba zomaliza kunali tchire, minda ya anthu a Mfumu Seke ndi ng'ombe zawo.

Tsono mudziwe kuti boma la atsamunda silinkafuna munthu wakuda akhale mkati mwa Salisbury, imene lero ndi Harare. Lamulo logawa malo la 1930 linapereka tauni kwa azungu, ife nkutiika m'malokeshoni: Harari imene lero mukuti Mbare, Highfield, kenako Mufakose, Mabvuku ndi kwina. Malokeshoni aja atadzaza, anayang'ana kutsidya kwa mtsinje wa Hunyani, umene lero ndi Manyame, kunja kwa malire a mzinda. Anafuna manja athu m'mafakitale masana, usiku tikhale kutali. Ndiye anamanga Zengeza m'zaka za m'ma 1970, kenako Seke, ndipo mu 1978 anaphatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke nkukhala Chitungwiza. Mtunda umene mukudandaula nawo pa kombiwo si ngozi ayi, unachita kuyezedwa dala.

Chifundo: Zikomo agogo. Ndiye mukuvomereza kuti anamangira kogona.

Agogo aMbewe (St Mary's): Omanga anamangira kogona, eya. Koma anthu okhalamo sanangogona. Dikira ndimalize. Nkhondo ya ufulu itakula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu anathawa m'midzi nadzaza kuno. Ena anamanga zisakasa za mapepala ndi malata pamalo ankati Chirambahuyo. Ine ndinawaona ndi maso angawa, amayi ali ndi mtolo pamutu mwana kumbuyo. Ufulu utabwera mu 1980 ambiri sanabwerere kumudzi. Ana awo ndi amene lero ali eni nyumba ku Seke.

Mphunzitsi Gama (Zengeza 2): Ndiwonjezereko pang'ono pa za agogo. Malo ano ndi akale kuposa lokeshoni. Eni dziko amawalumikiza ndi Chaminuka, mzimu waukulu wa Ashona, umene unkalankhula kudzera mwa Pasipamire. Iye ankakhala dera lomwe lino, ndipo anaphedwa ndi ankhondo a Lobengula, mfumu ya Andebele, mu 1883, azungu asanakweze mbendera yawo ku Salisbury mu 1890. Nchifukwa chake dzina la Chaminuka mumalipeza pa msewu ndi malo ena kuno. Ndimawauza ana m'kalasi kuti Harare ngati mzinda ndi mwana, dzina la kwathu kuno ndi lalikulu.

Pa kukula, lero Chitungwiza ndi yachitatu m'dziko muno pa chiwerengero cha anthu, pambuyo pa Harare ndi Bulawayo. Kalembera wa 2012 anapeza anthu oposa 350,000, wa 2022 anapeza oposa 370,000.

Bambo a Yamikani (Unit K): Aphunzitsi, nambala imeneyo ine imandivuta kuimvetsa. Zaka khumi anthu nkungowonjezekera pang'ono chonchi? Nanga nyumba zonse zamera ku Nyatsime zija, ndi njira yonse yopita ku Dema?

Mphunzitsi Gama (Zengeza 2): Funso labwino achimwene. Yankho lili pa malire. Mukangodutsa pa Chikwanha kulowera ku Ziko ndi ku Dema, mwatuluka m'manja mwa khonsolo ya Chitungwiza, mwalowa m'boma la Seke, chigawo cha Mashonaland East. Anthu amene akumanga kumeneko amagula ku Makoni, amakwera kombi zathu zomwezi, akadwala amabwera ku Chitungwiza Central Hospital, koma kalembera amawawerengera ku Seke. Tauni yasefukira kunja kwa mzere wake. Minda imene agogo ankaona ili ndi ng'ombe ija, lero mafumu a m'midzi akuidula mapuloti.

Mayi a Tadala (Mbare): Apa mwandikumbutsa. Bambo akunyumba anamvanso kuti kumeneko mapuloti ngotchipa, akuti m'malo mwa lendi tingagule kathu.

Nangozo (Manyame Park): Mayi, pamenepo ndiye pang'onopang'ono. Ine mlamu wanga anapereka ndalama kwa munthu wina amene ankati ndi wa kagulu kogawa malo, anamuonetsa pepala lokhala ndi chidindo. Atapita kukayamba maziko anapeza banja lina likuumba njerwa pamalo omwewo, nalonso lili ndi pepala lake. Ndalama sinabwerere. Musapereke kobiri musanakafufuze nokha ku ofesi yoona za nyumba kuti pulotiyo ilipodi m'mabuku ndipo ili m'dzina la ndani.

Chachiwiri, pitani mukaone malowo mu Januwale kapena Febuluwale, osati mu Okutobala. Dera lino ndi lathyathyathya, lili ndi madambo ambiri amene amatsetserekera ku Manyame ndi ku Nyatsime. Nthawi ya chilimwe dambo limaoneka ngati bwalo labwino louma. Mvula ikagwa madzi amatulukira pansi pa simenti, chimbudzi nkudzaza, chitsime nkusakanikirana nacho. Ife a ku Malawi dambo timalidziwa, ndi la dimba ndi msipu, si lomangapo nyumba. Mukaona bango kapena nthaka yakuda yong'ambika, bwererani.

Nachisale: Ndi zomwe ndimanena za madzi zija. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndiye nkhaniyi imandikhudza. Vuto lalikulu la Chitungwiza ndi loti ilibe madzi akeake. Imagula kwa khonsolo ya Harare. Madzi ambiri obwera kuno amachokera ku malo oyeretsera a Prince Edward, amene amatunga m'madamu awiri aang'ono pa Manyame, la Seke ndi la Harava. Madamu amenewa chaka cha chilala amaphwa mvula isanabwere, makina nkuima. Harare nayonso madzi sakuikwanira, ndiye mukuganiza kuti ayamba kupatsa ndani?

Tsono taonani mmene zinthu zimazungulira. Zonyansa za m'mapaipi athu zikapanda kuyeretsedwa bwino ku Zengeza zimalowa mu Nyatsime, Nyatsime amathira mu Manyame, Manyame amathira m'nyanja ya Chivero. Ku Chivero komweko ndi kumene malo oyeretsera a Morton Jaffray amatunga madzi omwetsa gawo lalikulu la Harare. Mzinda uli kumtunda, damu lake lili kumunsi. Chimene tataya kuno chimakabwerera m'kapu ya munthu wa ku Mbare ndi ku Budiriro. Mapaipi a suweji ku St Mary's ndi ku Zengeza anawaika poganizira banja limodzi panyumba, lero panyumba pali mabanja anayi kapena asanu.

Kolera wa 2008 anayambira konkuno mu Ogasiti. Pofika chaka chotsatira anali atapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse. Ine ndinali pantchito masiku amenewo, sindifuna kuwaonanso. Mayi a Tadala, mukabwera, madzi a pachitsime muziwiritsa kapena kuthira mankhwala, ngakhale aoneke oyera bwanji.

Bambo a Yamikani (Unit K): Paja ankati atimangira damu lathu la Muda?

Nachisale: Dzina limenelo ndinayamba kulimva kalekale, madzi ake sindinamwepo. La Kunzvi pa mtsinje wa Nyagui ndiye anayamba kumanga, koma limenelo ndi lothandiza Harare, ife tidzapindula ngati Harare ikhuta.

Chifundo: Mwaona? Madzi a Harare, ntchito ya Harare. Ndiye tauni yake ili pati?

aPhiri a makina (Zengeza 4): Mphwanga Chifundo, iwe unabadwa mafakitale atagwa kale, nchifukwa chake ukutero. Ine ndinagwirapo ntchito yoluka nsalu konkuno. Cone Textiles inkalemba anthu masauzande. Belu likalira anthu ankatuluka pageti ngati msika, njinga zokhazokha msewu wonse. Munthu ankadya nsima kunyumba masana nkubwerera kuntchito. Zinasintha ndi ESAP, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, imene inayamba mu 1991. Malire atatsegulidwa, nsalu zotchipa ndi kaunjika zinalowa, chilala cha 1992 chinakweza mtengo wa thonje, ngongole kubanki zinakwera chiwongola dzanja. Pakati pa zaka za m'ma 1990 geti linatsekedwa. Mabanja ambiri a ku Zengeza anayamba geni nthawi imeneyo, osati mwa kufuna.

Koma musati kulibiretu kanthu. Ku mafakitale kuli Chibuku, kuli Dairibord, kuli oyenga mafuta ophikira, kuli depoti ya GMB, bungwe la boma logula mbewu. Kungoti malo amenewa sangalembe tauni ya anthu oposa 370,000.

Nabanda wa pa Chikwanha: Ine ndimangowerenga koma apa ndiyankhe. Achimwene a Chifundo, inu mumachoka m'mawa nkubwera usiku, ndiye Chitungwiza ya masana simuidziwa. Tabwerani Lachiwiri cha m'ma 10 koloko pa Chikwanha, pa Makoni, pa Jambanja ku Unit L, pa Chigovanyika kapena pa Huruyadzo ku St Mary's. Akalipentala akukhoma mabedi ndi masofa, owotcherera akupanga mageti ndi mafelemu a mawindo, amakanika, osoka, ometa, ogulitsa nkhuku. Onse amene akumanga ku Nyatsime ndi ku Seke amagula simenti, malata ndi zitseko kwa ife. Ine ana anga ndawaphunzitsa ndi ndalama ya pa tebulo, m'tauni ndimapitako mwa apo ndi apo.

Mayi a Tadala, nkhani yanu ya tomato musade nayo nkhawa kwambiri. Alimi a m'madimba a ku Seke amabweretsa masamba, tomato ndi anyezi pa Chikwanha m'bandakucha. Mukhoza kupikula pomwepo nkukagulitsa m'dera lanu osakwera kombi ya ku Mbare. Phindu pa bokosi ndi locheperako, makasitomala ambiri ndi a kangachepe, ogula tomato atatu ndi kasupuni ka mafuta. Koma mulibe ya thiransipoti, ndipo ana akaweruka kusukulu amakupezani.

Mayi a Tadala (Mbare): Achemwali mwanditsegula maso. Malo pamsika amapezeka bwanji?

Nabanda wa pa Chikwanha: Mundiimbire kumbali, ndikuuzani mmene ndinayambira ine.

Mphunzitsi Gama (Zengeza 2): Tisaiwalenso osema miyala. Pa Chitungwiza Arts Centre pali amisiri amene ziboliboli zawo zimakwera ndege kupita ku Ulaya. Ndipo nyimbo za sungura zimene dziko lonse limavina, oimba ake ambiri anakulira kapena amakhala konkuno, ena mwa iwo ndi ana a matchona ngati ife, nchifukwa chake mumamva Chichewa m'nyimbo zawo. Aquatic Complex anaimangira masewera a All Africa Games a 1995, kuti akatswiri osambira a Africa yonse adzapikisane kuno. Dziwe lija linasiya kugwira ntchito, malowo anasanduka a zoimbaimba ndi misonkhano ya mapemphero. Zimandipweteka kuti ana a m'kalasi mwanga amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osadziwa kusambira.

Chifundo: Chabwino, geni ilipo, nyimbo zilipo. Koma ine ndinaphunzira za magetsi ku koleji, ntchito ndinaipeza ku Msasa. Anzanga onse chimodzimodzi, ena ali ku Johannesburg. Tauni imene singasunge ana ake ophunzira ine ndimaitcha kogona basi. Sitima ya pamtunda yochoka kuno kupita ku Harare anailonjeza kwa makolo athu m'zaka za m'ma 1980, njanji yake ili kuti?

aPhiri a makina (Zengeza 4): Pa njanji sindikutsutsa. Ikanamangidwa bwenzi Seke Road ikupuma. Pa mphambano ya Mbudzi pokha ndiye pasintha, chitsegulireni milatho yodutsana ija mu 2025 odzera Chitungwiza Road sakuchedwanso ngati kale.

Agogo aMbewe (St Mary's): Chifundo mdzukulu wanga, ndikufunse. Kwanu nkuti?

Chifundo: Agogo anga aamuna anachokera ku Ntcheu, koma ine sindinapiteko. Ndinabadwira ku Zengeza.

Agogo aMbewe (St Mary's): Ndi pamenepo pamene ndimafuna tifike. Mnzako wa Chishona akati Chitungwiza ndi kogona, iye ali ndi chifukwa. Ali ndi kumudzi ku Murehwa kapena ku Gutu, Khirisimasi amapita, ntchito ikatha amapita, akamwalira amakamuika kumeneko. Iwe ndi ine tilibe zimenezo. Bambo anga anachoka ku Dedza akuti akagwire zaka ziwiri agule njinga, anagona ku manda a kuno. Mayi anga chimodzimodzi. Akazi anga ali ku manda a Unit L.

Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba zimene linkati nzosaloledwa, tinyumba ta kuseri titagwetsedwa, anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Anansi athu anakweza katundu pa malole. Ana a matchona anakhala pa zigumukire ndi mabulangete mwezi wa Juni, kuzizira kuja, chifukwa kumudzi kwake kunali pomwepo. Amene anachotsedwa m'mafamu kuyambira mu 2000 ambiri anathawiranso kuno ndi ku Epworth. Tinawalandira m'mipingo ndi m'mabungwe a maliro, amene makolo athu anayambitsa kuti mlendo asaikidwe ngati chinyama.

Ndiye ife sitingakwanitse kunena kuti kuno nkogona. Kuno ndi mudzi wathu. Gule wamkulu amatuluka ku St Mary's pa maliro a munthu wolowa, ng'oma zake nzomwe zija za ku Dedza. CCAP ili ndi sinodi yake ya Harare, timaimba nyimbo m'Chichewa. Abale athu Achiyawo ali ndi mizikiti yawo. Mwana akabadwa timamupatsa dzina la kwathu. Mpopi ukauma, wa kumudzi amati ndidzapuma ndikapita kwathu. Ife tiyenera kukumba mjigo, kupita ku misonkhano ya khonsolo, kuvota, chifukwa kwina kothawira kulibe.

Nangozo (Manyame Park): Agogo mwandiliza. Mayi anga anakhala zaka ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo, chonsecho anabadwira ku Banket. Lamulo la unzika la 2001 linawachotsa pa kaundula wa mavoti.

Mphunzitsi Gama (Zengeza 2): Pamenepo ndikumbutse onse, chifukwa ambiri sadziwabe. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amanena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Amene zitupa zanu zidakali zakale pitani mukasinthe. Zimathandizanso pa nkhani ya nyumba. Ku St Mary's ndi ku Zengeza nyumba zambiri zidakali m'dzina la agogo amene anamwalira kalekale, ana osasintha umwini chifukwa cha mapepala. Mkangano ukabuka m'banja, wotaya nyumba amakhala wamasiye.

Chifundo: Agogo, sindinaganizepo motero. Pa ntchito ndi pa madzi mawu anga sindikubweza, tauni ino idakali pamsana pa Harare. Koma nyumba ya ku Zengeza idakalidi m'dzina la agogo anga. Aphunzitsi, kusintha kwake kumayambira pati?

Mphunzitsi Gama (Zengeza 2): Kumayambira pa kulembetsa chuma cha masiye kukhoti, mutatenga chikalata cha imfa ndi makalata obadwira a ana onse. Banja limasankha woyendetsa chumacho, kenako ndi pamene mumapita ku khonsolo. Muyambe mwakhala pansi ndi azakhali ndi amalume anu onse, asadzamve zitachitika kale.

Bambo a Yamikani (Unit K): Mayi a Tadala, ngati mwatsimikiza, yang'anani cha ku Zengeza 2 kapena 3 ndi St Mary's, nkufupi ndi msewu wa m'tauni kuposa ma Unit a kumapeto monga N, O ndi P. Kumapetoko lendi ndi yotsikirapo koma kombi zimavuta mvula ikagwa.

Nachisale: Ndipo afunse anansi, osati landilodi yekha, ngati suweji imaphulika mumsewu umenewo.

Mlembi wa gulu: Zikomo nonse. Popeza nkhani ya mjigo yatchulidwa, ndikukumbutsa a bungwe la maliro a nthambi ya St Mary's ndi Zengeza kuti Lamlungu likubwerali tikatuluka m'tchalitchi tikumana malo a nthawi zonse. Mfundo ndi ziwiri: zopereka za mwezi uno, ndi pampu ya mjigo imene inathyoka. Aphunzitsi a Gama, tikupempha mubwere mudzafotokozenso za zitupa ndi za nyumba za masiye kwa akuluakulu amene sali pa WhatsApp. Amene muli ndi mapepala akale a nyumba mubwere nawo.

Mphunzitsi Gama (Zengeza 2): Ndibwera. Ndifika cha m'ma 1 koloko.